Galimoto yatsopano ikamamwa oyilo, malire a "n'zabwinobwino" ali pati?

Amakaniko ndi ogulitsa magalimoto amalimva kawirikawiri funso ili: galimoto ndangoigula kumene, pansi sikudontha kanthu, kumbuyo sikutuluka utsi, nanga oyilo akupita kuti? Mwini wake wasolola dipisitiki, kachitsulo koyezera oyilo, patangopita milungu ingapo chichitireni sevisi, n'kupeza oyilo watsika kufika pakati, mwinanso pamzere wam'munsi. Akabwerera kumene anagula amamuuza kuti n'zabwinobwino, injini zonse zimatero. Akapita kwa makaniko wake amamuuza kuti maring'i atha, injini iphwasulidwe. Chozunguza mutu n'chakuti onse awiri akhoza kukhala kuti akunena zoona, kutengera kuchuluka kwa oyilo amene akutha, mtunda umene galimoto yayenda ndiponso mtundu wa injini.

Nkhaniyi yavutitsa anthu m'maiko ambiri kwa zaka zoposa khumi tsopano. Ku America inafika mpaka m'makhoti, ndipo makampani monga Toyota, Subaru, Audi ndi General Motors anayankhapo, ena potalikitsa waranti, ena polipira ndalama. Ife imatikhudza chifukwa zina mwa injini zomwezo zili m'magalimoto amene timaitanitsa ku Japan, ku Britain ndi ku South Africa. Tiyambe ndi injini yeniyeniyo, za milandu tizipeza kutsogolo.

Kudontha ndi kumwa

Oyilo amachoka mu injini m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kudontha: gasiketi yatopa, silo yang'ambika, kapena bawuti ya pansi pa sampu, beseni losungira oyilo kunsi kwa injini, sinamangidwe bwino. Imeneyi siibisala, mumapeza banga lakuda pamene galimoto inagona. Yachiwiri ndi imene anthu amati kumwa kapena kudya oyilo. Apa oyilo amalowa m'chipinda chimene petulo amayakira, n'kupsa naye limodzi, n'kutulukira ku ekizozi. Imene tikukamba pano ndi yachiwiriyi.

Palibe injini ya petulo kapena ya dizilo imene simwako oyilo ngakhale pang'ono. Pisitoni imakwera ndi kutsika m'silinda, ndipo kuti zitsulo ziwirizi zisadyane, pakhoma la silinda payenera kukhala kaoyilo kopyapyala nthawi zonse. Moto ukayaka, kena mwa kaoyilo kameneko kamapsa. Mkangano wonse uli pa kuchuluka kwake basi.

Masamu pang'ono atithandiza kumvetsa chifukwa chake utsi suoneka. Injini ya masilinda anayi ikamazungulira ka 2,500 pa mphindi, moto umayaka m'masilindamo ka 300,000 pa ola limodzi. Kuyenda makilomita 1,000 pa liwiro la 80 kumatenga maola 12 ndi theka, ndiye kuti moto wayaka pafupifupi ka 3.75 miliyoni. Injini imeneyi ikamwa theka la lita pa mtunda umenewu, zikutanthauza kuti dontho limodzi la oyilo likugawidwa pa kuyaka pafupifupi 400. Diso silingaone zimenezi. Kuwonjezera apo, magalimoto amakono ali ndi catalytic converter mu ekizozi, imene imamalizitsa kuwotcha zotsalira zisanatuluke. Choncho mawu akuti "siikufuka, ndiye siikumwa" ankagwira ntchito bwino pa magalimoto akale kusiyana ndi amasiku ano. Utsi wabuluu ukamaoneka pa galimoto yamakono, kawirikawiri vuto limakhala litakula kale.

Maring'i: apa ndiye pagona nkhani

Pisitoni iliyonse imavala maring'i atatu. Awiri akumwamba ntchito yawo yaikulu ndi kutseka mphamvu ya moto kuti isathawire pansi. Yachitatu, yam'munsi, ndi ya oyilo: imapala oyilo wochuluka pakhoma la silinda, n'kumubwezera ku sampu kudzera m'timabowo tating'ono toboola m'pisitonimo, n'kusiya kochepa kokwanira kutereretsa. Luso la ring'i yachitsulo yodula pamalo amodzi, imene imadzikankhira yokha kukhoma, ndi lakale. Analitulukira ndi John Ramsbottom ku England m'zaka za m'ma 1850, pa injini za sitima zapamtunda zoyendera nthunzi.

Aliyense amene anapopapo tayala la njinga akudziwa kachikopa ka kumapeto kwa ndodo ya pampu. Kakagwira khoma mwamphamvu, mpweya wonse umalowa m'chubu, koma mkono umalema. Kakakhwepa, kupopa kumapepuka, koma mpweya wina umathawira kumbuyo. Opanga injini amakumana ndi vuto lomweli. Ring'i yothina imapala oyilo bwino koma imakhuza kwambiri, ndipo kukhuzana kwa mapisitoni ndi maring'i ndi gawo lalikulu la mphamvu imene injini imataya mkati mwake. Ring'i yofewa imapulumutsa petulo, koma siichedwa kulephera zinthu zikangosokonekera pang'ono.

Kwa zaka zambiri opanga ankasankha zothina. Zinthu zinayamba kusintha maboma atayamba kuika malamulo a kamwedwe ka mafuta ndi utsi. America inakhazikitsa lamulo lake lotchedwa CAFE mu 1975, ndipo Ulaya ndi Japan nawo akhala akumangitsa malamulo awo, makamaka kuyambira zaka za m'ma 2000. Kuti akwanitse malamulowo, makampani anafunafuna paliponse pamene angapulumutse kadontho ka petulo, ndipo maring'i opyapyala ndi ofewa anakhala njira imodzi. Injini zambiri zopangidwa motere zimayenda bwinobwino moyo wake wonse. Zina ndi zimene zinavuta: oyilo akatentha kwambiri m'ngalande ya ring'i yachitatu amasanduka mwaye wouma, mwayewo umatseka timabowo tobwezera oyilo, ring'i n'kumatirira m'ngalande mwake osathanso kudzikankhira kukhoma. Makaniko akatulutsa pisitoni yotere, mumaona ring'i yam'munsi itazama m'phula lakuda louma moti kuisuntha ndi chala simungathe, pamene ziwiri zakumwamba zikuoneka zabwinobwino.

Chimenechi chili ndi tanthauzo kwa wogula. Kuyeza kompulesheni kumaonetsa mmene maring'i akumwamba ndi mavavu akutsekera. Injini ikhoza kupambana mayeso amenewo, n'kumakoka bwino pamsewu, koma ring'i ya oyilo itamatirira kalekale.

Zipata zina

Maring'i si okha. Mavavu ali ndi timiyendo timene timadutsa m'mutu wa injini, momwe muli oyilo wambiri, ndipo pakamwendo kalikonse pali kalabala kotchedwa valve seal. Kakauma ndi ukalamba, oyilo amatsetserekera m'silinda galimoto ikaima, n'chifukwa chake ina imatulutsa kautsi kabuluu m'mawa poliza kenako n'kusiya. Limeneli ndi vuto la injini zakale, osati zatsopano kwenikweni.

Palinso PCV, njira yopumira ya sampu. Mpweya wina wa moto umadutsa maring'i n'kulowa ku sampu, ndipo uyenera kutulutsidwa. Kale unkangotayidwa pansi pa galimoto kudzera m'kapaipi, koma kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, California ili patsogolo, unayamba kubwezedwa mu injini kuti ukapse. Mpweyawo umanyamula nkhungu ya oyilo. Vavu ya PCV kapena kachipangizo kolekanitsa oyilo ndi mpweya kakawonongeka, injini imayamwa oyilo wochuluka kudzera njira imeneyi. Ubwino wake ndi woti kukonza kwake n'kotchipa poyerekeza ndi kuphwasula injini, ndiye makaniko wanzeru amayambira pamenepa.

Turbo nayo, chipangizo chokankhira mpweya wochuluka mu injini, imazungulira pa oyilo wa injini yomweyo, pa liwiro loposa 100,000 pa mphindi komanso pamalo otentha kwambiri, ndiye ikatopa imalowetsa oyilo ku mbali ya mpweya kapena ya ekizozi. Pomaliza, oyilo amauluka yekha akatentha. Pali mayeso otchedwa Noack, otengera dzina la Kurt Noack wa ku Germany amene anawayambitsa m'zaka za m'ma 1930: oyilo amatenthetsedwa pa 250°C kwa ola limodzi n'kuona kuti wachepa bwanji. Muyezo wa API umene umalembedwa pa zigubu zambiri za oyilo wa injini za petulo umalola kutaya kosapitirira 15 peresenti, ndipo miyezo yambiri ya ku Ulaya ya ACEA imaika 13. Oyilo wachinyengo, wothiridwa m'chigubu cha kampani yodziwika, sanadutse mayeso aliwonse otere.

Oyilo wopepuka ndi wolemera

Manambala monga 0W-20, 5W-30 ndi 20W-50 amachokera ku bungwe la mainjiniya la SAE, limene linayamba kugawa oyilo m'magulu mu 1911. Nambala ya kutsogolo kwa W imanena mmene oyilo amayendera kukazizira, yachiwiri imanena kulemera kwake injini itatentha. Pamene 20W-50 anali mfumu, zitsulo za m'injini zinali ndi mipata yokulirapo. Lero magalimoto ambiri a ku Japan amatuluka m'fakitale ndi 0W-20, ndipo SAE inawonjezera magulu opepuka kuposa 20, gulu la 16 mu 2013, kenako la 12 ndi la 8 mu 2015. Cholinga ndi chomwe chija, kuchepetsa kukhuzana kuti petulo apulumuke.

Apa anthu amagawanika. Amakaniko ambiri kuno amati oyilo wonga madzi ndi wa kumaiko ozizira, m'nyengo ya Okutobala ku Nsanje kapena ku Chikwawa injini imafuna wolemera. Ali ndi mfundo: oyilo wolemera sadutsa msanga m'mipata ya injini yotopa, ndipo nthawi zambiri kumwa kumachepadi. Opanga nawo ali ndi mfundo yawo: injini zamakono zili ndi timisewu ta oyilo topapatiza, ndipo zipangizo monga VVT-i, chosintha nthawi yotsegukira mavavu, zimayendetsedwa ndi oyilo yemweyo, ndiye wolemera kwambiri amachedwa kufika kumene akufunika, makamaka poliza m'mawa. Komanso kutentha kwa mkati mwa injini kumalamulidwa kwambiri ndi madzi ndi thermostat, kavavu kowongolera madziwo, osati dzuwa lokha. Mabuku a magalimoto ena amapereka magulu angapo a oyilo malinga ndi nyengo ya dziko, ena amapereka limodzi lokha. Pa galimoto imene ili pa waranti, kuthira oyilo amene sali m'buku kumapatsa wogulitsa poyambira kukana dandaulo lanu. Ndipo oyilo wolemera samasula ring'i yomatirira, amangochepetsa chizindikiro chake.

Nambala imene kampani imati n'yabwinobwino

Kampani iliyonse ili ndi malire ake, ndipo sagwirizana. Mabuku a Volkswagen ndi Audi amanena kuti injini ikhoza kumwa mpaka theka la lita pa makilomita 1,000. Toyota ya ku America, pa injini zimene zinavuta, inkakonza ngati yapitirira kwati imodzi pa mamailosi 1,200. Kwati ya ku America ndi 0.95 ya lita, ndipo mamailosi 1,200 ndi makilomita pafupifupi 1,900, ndiye zikufanana ndi theka la lita pa makilomita 1,000. General Motors imaika kwati imodzi pa mamailosi 2,000, pafupifupi 0.3 ya lita pa makilomita 1,000. Subaru, pa mayeso ake, inkayang'ana gawo limodzi mwa magawo atatu a kwati pa mamailosi 1,200, kumene ndi kuchepera 0.2 ya lita pa makilomita 1,000. Injini imodzi yomweyo ikhoza kupambana kwa kampani ina n'kulephera kwa inzake.

Tiike theka la lita lija pamsewu wodziwika. Kuchokera ku Blantyre kupita ku Lilongwe ndi makilomita opitirira pang'ono 300. Pa magalimoto ambiri, kuchokera pamzere wapamwamba wa dipisitiki kufika wam'munsi ndi pafupifupi lita imodzi. Ndiye galimoto imene ili pamalire a kampani ingatsike kuchoka pamwamba kufika pansi itapita ndi kubwerera katatu kokha. Ngati sevisi yake ndi ya makilomita 10,000, idzakhala itamwa malita asanu, pamene sampu ya injini ya masilinda anayi imasunga malita anayi kapena asanu basi. Mwini wake akapanda kuwonjezera, injini idzanoka tsiku la sevisi lisanafike, koma papepala galimotoyo ilibe vuto.

Apa m'pofunika kumvetsa kuti nambala ya m'buku si kamwedwe ka galimoto wamba. Ndi mzere umene kampani imayambira kuvomera kukonza ndi ndalama zake. Magalimoto ambiri amakhala kutali kwambiri ndi mzerewo. Mu 2015 bungwe loimira ogula la ku America, Consumer Reports, linafalitsa zimene linapeza kwa eni magalimoto pafupifupi 500,000 a zaka za 2010 mpaka 2014, ndipo 98 mwa 100 alionse sankawonjezera oyilo pakati pa masevisi. Awiri otsalawo anaunjikana pa injini zochepa, makamaka za Audi, BMW ndi Subaru. Bungwelo linati galimoto imene ili pa waranti siyenera kumawonjezeredwa oyilo. Makampani anayankha kuti kumwa oyilo ndi mbali ya kagwiridwe ntchito ka injini, ndipo kumasintha ndi kayendetsedwe, katundu, liwiro ndi nyengo. Yankho limeneli si bodza: galimoto yokoka ngolo, yokwera mapiri tsiku ndi tsiku, kapena yothamangitsidwa kwambiri imamwadi kuposa inzake. Kungoti silifotokoza chifukwa chake madandaulo anachuluka pa injini zina n'kusowa pa zina.

Chinanso chimene chakulitsa nkhaniyi ndi kutalika kwa masevisi. Pamene oyilo ankasinthidwa pa makilomita 5,000 alionse, injini yomwa 0.15 ya lita pa makilomita 1,000 inkafika ku galaja oyilo akadali pa dipisitiki, mwini wake osadziwa kanthu. Injini yomweyo pa sevisi ya makilomita 15,000 imakhala itamwa malita oposa awiri. Mwina ena mwa madandaulo a lero ndi kamwedwe kakale komweko, kamene kayamba kuonekera.

Zimene zinachitika ku Toyota, Audi, Subaru ndi GM

Injini ya Toyota ya malita 2.4 yotchedwa 2AZ-FE ndi imene imatikhudza kwambiri, poti imapezeka m'magalimoto monga Camry, RAV4, Vanguard, Harrier, Estima, Alphard ndi Vellfire. Mu 2011 Toyota ya ku America inalembera magalaja ake malangizo osintha mapisitoni ndi maring'i pa magalimoto ena a zaka za 2006 mpaka 2011 amene alephera mayeso. Mu 2015 inatalikitsa waranti ya vutoli kufika zaka 10 kapena mamailosi 150,000, pafupifupi makilomita 240,000. Ku Japan nako inatalikitsa kufika zaka 9, ndipo inafotokoza kuti kuchepetsa liwiro pongochotsa phazi pa akisilareta, osaponda buleki, kumachititsa injini kuyamwira oyilo m'mwamba. Si 2AZ-FE iliyonse imene inavuta, zambiri zayenda mitunda yaitali osadandaulitsa.

Audi inakumana nazo pa injini ya 2.0 TFSI ya mu A4, A5 ndi Q5 za 2009 mpaka 2011. Kukonza kwake kunali kwa magawo awiri: poyamba kusintha vavu yopumira ya sampu ndi pulogalamu ya kompyuta ya injini, zikakanika ndiye mapisitoni ndi maring'i. Subaru inamaliza mlandu wake mu 2016 pogwirizana ndi odandaula, popanda kuvomera kulakwa, ndipo inatalikitsa waranti ya Forester, Impreza, Crosstrek, Legacy ndi Outback za zaka zina kufika zaka 8 kapena mamailosi 100,000.

General Motors yokha inalimbana nawo mpaka kumapeto kwa kuzenga. Mu Okutobala 2022 khoti la ku San Francisco linaigamula kulipira madola 102.6 miliyoni kwa eni magalimoto pafupifupi 38,000 a injini ya V8 ya malita 5.3 a zaka za 2011 mpaka 2014, aliyense madola 2,700. Kampaniyo inakana kuti injinizo zinali ndi chilema.

Onani kuti pafupifupi zonsezi sizinali zoitanitsa magalimoto onse kuti akakonzedwe, monga zimachitikira ndi mabuleki kapena ma airbag. Kumwa oyilo nthawi zambiri sikuwerengedwa ngati ngozi ya pamsewu, ndiye amakonza ya yekhayo amene wabwera kudzadandaula n'kulephera mayeso, nthawi ya waranti isanathe. Galimoto ya munthu amene sanadandaule inagulitsidwa momwemo.

Kuyeza

Mayeso a ku galaja ya kampani ndi osavuta. Amasintha kapena kudzaza oyilo kufika pamzere wapamwamba, kulemba makilomita, nthawi zina kumata chizindikiro pa chivundikiro ndi pa bawuti ya sampu kuti pasakhale wokhudza, n'kukuuzani kuti mubwerenso mutayenda makilomita 1,000 mpaka 2,000. Mukabwera amayeza amene wachepa. Inunso mukhoza kuchita zomwezo kunyumba. Galimoto iime pamalo osapendekera, injini ikhale itazima kwa mphindi zingapo kuti oyilo atsike, sololani dipisitiki, pukutani, bwezerani mpaka pansi, sololaninso. Chitani mofanana nthawi zonse, malo omwewo, n'kujambula dipisitiki ndi makilomita pa foni. Kope lokhala ndi madeti, makilomita ndi malisiti a oyilo limamveka kwa wogulitsa kuposa mawu akuti "ikumwa kwambiri".

Pa galimoto yatsopano ya m'fakitale pali nthawi yozolowerana. Khoma la silinda limatuluka ndi timizere topingasana tosaoneka bwino ndi maso, ndipo maring'i amafunika kudya pang'ono kuti akhazikike. Volkswagen imalemba kuti kamwedwe kakhoza kukhala kokwera m'makilomita 5,000 oyamba. Ndiye lita imodzi yotha m'miyezi yoyamba si chigamulo. Chofunika kuona ndi kumene kamwedwe kakulowera: kakutsika, kaima, kapena kakukwera.

Magetsi a pa dashibodi asakunamizeni. Kachigubu kofiira kamanena za mphamvu ya oyilo, ndipo kakayaka muli pa ulendo ndiye kuti zitsulo zayamba kale kusowa oyilo, imani pomwepo. Kachikasu kamanena za kuchepa kwake, koma si magalimoto onse ali nako. Magalimoto ena a BMW, Audi ndi Porsche alibe n'komwe dipisitiki, mumawerengera pa sikirini.

Mwa apo ndi apo oyilo amachita zosiyana, amakwera. Mu 2018 Honda inakumana ndi madandaulo ku China pa CR-V ya injini ya 1.5 turbo, pamene petulo ankatsikira mu sampu m'nyengo yozizira ndi pa maulendo aafupi. Magalimoto a dizilo okhala ndi sefa ya mwaye ya DPF amathanso kuchita zotere. Ndiye dipisitiki yosasuntha si nthawi zonse imatanthauza injini yosamwa. Oyilo akamanunkha petulo, funsani.

Wogula ali ndi chiyani m'manja?

Kuyesa galimoto makilomita khumi simungadziwe kamwedwe kake, ngakhale mutapita ndi makaniko waluso. Chimene mungathe ndi kufufuza nambala ya injini, osati dzina la galimoto lokha, poti RAV4 ya chaka chimodzi ikhoza kukhala ndi injini zosiyana malinga ndi dziko limene inagulitsidwa. Pa yatsopano ya kwa dila, funsani malire a kamwedwe amene amagwiritsa ntchito ndi mmene amayezera, ndipo akulembereni. Pa yogwirapo ntchito, ipezeni injini ili yozizira, imani kumbuyo wina akuliza, onani mapulagi ngati ali ndi mwaye wonyowa, ndipo funsani mapepala a masevisi, chifukwa kuchedwetsa kusintha oyilo ndi kumene kumafulumizitsa kumatirira kwa maring'i.

Chitetezo cha lamulo chimasiyana ndi dziko. Ku Britain, Consumer Rights Act ya 2015 imalola wogula kwa dila kubweza galimoto yachilema m'masiku 30, ndipo m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba wogulitsa ndi amene ayenera kusonyeza kuti chilemacho panalibe pogulitsa. Ku South Africa, Consumer Protection Act ya 2008 imapereka miyezi isanu ndi umodzi yoti katundu wachilema akonzedwe, asinthidwe kapena ndalama zibwezedwe, ndipo pali Motor Industry Ombudsman womva madandaulo. Ku Malawi kuli Consumer Protection Act ya 2003, ndipo madandaulo a ogula amapita ku Competition and Fair Trading Commission. Koma ambiri mwa ife galimoto imene timati yatsopano ndi ex-Japan imene yatsika pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, itatha kale zaka zingapo pamsewu. Mawaranti otalikitsidwa aja anali a misika ya kumene inagulitsidwa koyamba, ndipo ambiri nthawi yake inadutsa. Malamulo onsewa amafunanso kuti chinthucho chikhale chilema, ndiye timabwerera ku funso lomwe lija la malire.

Zimene sizinathetsedwe

Palibe muyezo umodzi wa dziko lonse wonena kuti kumwa kopitirira muyeso kumayambira pati. Kampani imene inapanga injini ndi yomweyo imene imaika malire, ndi yomweyonso imalipira akapyoledwa. Ena amati boma kapena bungwe loima palokha liike nambala imodzi, ena amati injini ya V8 yothamanga ndi ya kagalimoto ka m'tauni sizingayezedwe ndi muyezo umodzi. Palinso funso loti nambalayo iziuzidwa wogula asanalipire, monga amachitira ndi kamwedwe ka petulo, m'malo moipeza m'buku galimoto ili kale pakhomo.

Sizinamvekenso bwino kuti phindu ndi kutaya zikulemerana bwanji. Maring'i ofewa ndi oyilo wopepuka zimapulumutsa petulo pa magalimoto mamiliyoni. Koma oyilo wopsa amasiya phulusa ndi phosphorous zimene zimafooketsa catalytic converter ndi kutseka DPF pakapita nthawi, ndipo amene amalipira zimenezo nthawi zambiri ndi mwini wachiwiri kapena wachitatu, waranti itatha. Ndani ayenera kusenza mtolo wa chilema chimene chinayambira pa kapangidwe koma chaonekera galimoto ili ndi zaka khumi, ili dziko lina?

Nanga oyilo wa 0W-16 ndi 0W-8, wopangidwira misewu ndi masevisi a ku Japan, adzachita bwanji mu injini yokalamba, yoyenda m'fumbi, yonyamula mopitirira ngati Sienta zonyamula anthu, kumene oyilo woyenerayo ndi wodula ndipo sapezeka paliponse? Magalimoto a hybrid nawo, oyendera petulo ndi magetsi, amene injini yake imazima ndi kuyaka kambirimbiri pa ulendo umodzi ndipo nthawi zina siitentha mokwanira, akuchuluka m'misika yathu, ndipo amakaniko akuphunzirabe mmene maring'i ake amakalambira.